Mwana Wapakhoma

Anabwera Lachiwiri pa galimoto yoyera,
chiperoni chitakuta phiri mpaka m'chiuno.
Anati: Bambo Mulewa, khoma lanuli latuwa,
tikupentereni ulere.
Ndani amakana penti?

Pofika madzulo, pa golosale yanga pa Chitakale
panali mwana.
Masaya ngati mapeyala a mu Febuluwale,
timanja tonenepa mpaka mfundo kusowa,
akusekerera aliyense wotsika minibasi.
Mwana ameneyo sanalirepo.
Sanatsegulepo m'mimba.
Anandisiyiranso kalendala, ambulera,
ndi zitini makumi awiri, kulipira ndikagulitsa.

Elube Namakhwa ankadutsa m'mamawa,
dengu la tiyi kumsana,
Lonjezo wake m'nsalu pachifuwa.
Ankaima, n'kuyang'ana wapakhomayo,
n'kuyang'ana wake,
n'kuyang'ananso wapakhomayo.
Tsiku la malipiro analowa.
Anati, kumunda kapitawo amawerenga makilo,
sawerenga nthawi yoyamwitsa.
Anati, mwina mkaka wangawu ndi madzi chabe.
Yankho ndinali nalo,
kwathu asanu anakulira bere lokha.
Koma ndinatsitsa chitini pashelefu,
ndinachipukuta fumbi ndi malaya anga.

Chitini chimodzi, masiku asanu othyola tiyi pamvula.
Malangizo ake ali m'zinenero zitatu,
chathu palibe.
Akuti wiritsani madzi, wiritsani botolo,
ngati nkhuni zimagwa ndi mvula,
ngati mjigo wa kumalayini sunafe chaka chatha.

Sabata yoyamba, masipuni onse monga analamula.
Yachiwiri, theka.
Yachitatu, ongoyeretsa madzi kuti maso akhute.
Pobwerera ku bere, bere linali litatseka
ngati kasupe wa mu Okutobala.
Ndimo chimagwirira munthu chitini:
chimalowa ngati mlendo wonyamula mphatso,
n'kukhala pakhomo ngati wakatapila.

Dzina la Elube ndinalilemba katatu m'kope la ngongole.
Ku sikelo nako ankalemba,
mzere wa m'kabuku ukutsetsereka
ngati njinga ya nanazi yoduka mabuleki.

Kwinakwake, m'nyumba yamagalasi yomwe sindidzaiona,
mzere wina unali kukwera
ndipo ovala mataye ankaomba m'manja.
Elube samudziwa. Chitakale sapadziwa.
Pa mapu awo tonsefe ndife kadontho
kamene amakatcha msika watsopano.
Koma ine ndimamudziwa,
ndipo ndalama yake ndinailandira ndi manja awiri.

Lonjezo anagona masabata awiri kuchipatala,
singano ya diripi pamutu pometedwa.
Anatuluka wamoyo,
wopepuka kuposa nsalu yomuberekera.
Akuyenda tsopano, mogwira khoma.
M'chitini chija amayi ake amasungamo mchere.

Wa galimoto yoyera atabweranso
ndinamufunsa: nanga wanu amamwa chiyani?
Anaseka. Madamu amayamwitsa, anatero.
Ndiponso tinalemba kuti bere ndilo labwino,
nandilozera kunsi kwa chitini,
timalemba tating'ono ngati nyerere zotopa.
Ife sitikakamiza munthu, bwana.
Kenako anatsegula buku la malisiti.

Ndinabweza zitini zisanu ndi ziwiri zotsala.
Ambulera ndinasunga, ndisaname,
mvula ya kuno siseka ndi munthu.
Ndinagula laimu ndi ndalama zanga
n'kupaka khoma kawiri.
Wa golosale yapatsidya anangoti zikomo,
zitini zanga zili pashelefu yake.

Koma ikagwa ija ya masiku atatu
laimu amanyowa,
masaya aja n'kuyamba kutuluka pang'onopang'ono,
kenako maso,
kenako kuseka kuja.
Dzulo mtsikana wina woyembekezera
anabisala mvula pakhonde langa,
dzanja pamimba,
akumuyang'ana.